Shuga wa chimanga ndi wa ku America, wathu ndi wa nzimbe: kodi tiziopa uti?

Kumadzulo kwa mzinda wa Mutare ku Zimbabwe, mukadutsa mafakitale, kuli malo otchedwa Feruka. Amene adafikako amakumbukira mathanki akuluakulu a mafuta ndi mathiraki ondandalikana kudikira kuti apope. Mu 1965 pamalopa padatsegulidwa fakitale yoyenga mafuta, koma sidakhalitse. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wake mu November chaka chomwecho, mayiko adaliikira ziletso, mafuta osayenga adasiya kubwera kuchokera ku Beira, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1966 makina adazima. Sadayakenso. Chidatsala ndi paipi yochokera kudoko la Beira, imene lero imabweretsa petulo ndi dizilo woyengayenga, komanso nkhokwe zosungiramo.

Petulo ameneyu akamafika mu thanki ya galimoto sakhala yekha. Kuyambira mu 2013 lamulo la Zimbabwe limafuna kuti asakanizidwe ndi ethanol, ndipo nthawi zina gawo la ethanol limafika 20 peresenti. Ethanolyo amatchezedwa kuchokera ku nzimbe za ku Chisumbanje, m'boma la Chipinge m'chigawo chomwechi cha Manicaland, ndi za ku Triangle. Choncho wantchito wa ku Feruka akakwera kombi m'mawa kuchokera ku Dangamvura kapena ku Sakubva, nzimbe zimakhala zikuyaka mu injini, nzimbe zina zili m'mimba mwake mu tiyi amene wamwa asanatuluke m'nyumba. Dziko ili ndi la nzimbe. Malawi nayenso ndi wa nzimbe, Zambia chimodzimodzi, Mozambique ndiye osanena.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa masiku ano machenjezo a zakudya amene amayenda m'mafoni mwathu ambiri amachokera ku America, ndipo mdani amene amamutchula kawirikawiri ndi manyuchi a chimanga, amene pa mapaketi amalembedwa kuti high fructose corn syrup, mwachidule HFCS. Munthu amawerenga, mtima n'kugunda, n'kutembenuza botolo la chakumwa chake kufunafuna dzinalo. Salipeza. Amapuma, n'kumwa botolo lonse ndi mtima wogwa. Pamenepo ndi pamene chenjezo labwino limasanduka msampha.

Manyuchi amenewa amapangidwa motere. Chimanga amachiviika m'madzi, n'kuchipera chili chonyowa, n'kupatula sitachi. Sitachi ndi tizidutswa ta shuga wotchedwa glucose tolumikizana mu mzere wautali. Amathiramo ma enzyme, mankhwala amene amatengedwa ku tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo amadula mzerewo mpaka kutsala glucose yekhayekha. Koma glucose satsekemera kwenikweni. Ndiye amathira enzyme ina imene imasandutsa gawo la glucose kukhala fructose, shuga wotsekemera kwambiri amene amapezekanso m'zipatso ndi mu uchi. Richard Marshall ndi Earl Kooi a ku America adasonyeza mu 1957 kuti izi n'zotheka, ndipo Yoshiyuki Takasaki wa ku Japan adakonza njira yoti zizichitika pamlingo wa fakitale m'zaka za m'ma 1960. Mitundu yotchuka ilipo iwiri: wina amakhala ndi fructose 42 peresenti ndipo amapita m'zophikaphika, jamu ndi sosi, wina amakhala ndi 55 peresenti ndipo amapita m'zakumwa.

Chidachititsa kuti afalikire si kukoma ayi, koma mtengo. Boma la America limateteza alimi ake a shuga pochepetsa shuga wolowa kuchokera kunja, motero mtengo wake kumeneko umakhala wokwera kuposa pamsika wa dziko lonse. Boma lomwelo limathandiza alimi a chimanga, ndipo chimanga chimakololedwa chochuluka mwakuti china chimapita ku ziweto, china ku ethanol wa magalimoto, china ku manyuchi. Mitengo ya shuga itakwera koopsa mu 1974 ndiponso mu 1980, makampani adayamba kusamuka, ndipo mu 1984 Coca-Cola ndi Pepsi adalola kuti zakumwa zawo za ku America zizitsekemeretsedwa ndi HFCS yekha. Ndi zamadzimadzi, amazipopa m'mapaipi, sizifuna kusungunula. Wochita malonda angafunenso chiyani?

Kwathu kuno masamu ake ndi otembenuka. Chimanga ndi nsima, ndi sadza, ndipo sichikwana. Mu March 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a Malawi ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adalengezanso zomwezo ku Zimbabwe. Dziko loitanitsa chimanga kunja kuti anthu adye silingakhale ndi chotsala choti lizisungunula kukhala manyuchi. Pomwe nzimbe zilipo zambiri. Ku Triangle, Thomas Murray MacDougall adayamba kulima nzimbe m'zaka za m'ma 1930. Hippo Valley idayamba mu 1956. Ndipo minda ya kuchigwa cha Chiredzi imatulutsa matani a shuga pafupifupi 400,000 pachaka. Ku Malawi fakitale ya ku Nchalo idayamba mu 1966, ya ku Dwangwa n'kutsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ku Zambia kuli Nakambala ku Mazabuka. Ndipo agogo athu ambiri amene adachoka ku Nyasaland ndi ku Tete kudzafuna ntchito ku Southern Rhodesia, ena n'kutchona komweko, thukuta lawo lidagwera m'minda ya nzimbe ya kuchigwa ndi m'minda ya tiyi ya ku Chipinge ndi ku Honde. Tiyi wa shuga amene zidzukulu zawo zimamwa ku Mutare lero ndi mbewu ziwiri zimene iwo adazilimira azungu.

Sindikuti HFCS sangapezeke m'masitolo mwathu. Amalowa kudzera mu zinthu zochokera kutali: masiwiti, mabisiketi, masosi ena, makamaka za ku America ndi ku Asia, pomwe za ku Ulaya zimalemba kuti glucose-fructose syrup. Koma pa shuga yense amene banja la ku Sakubva, ku Ndirande kapena ku Kanyama limadya pamwezi, ameneyu ndi kadontho.

Funso lenileni ndi lakuti: kodi thupi limasiyanitsa shuga wa chimanga ndi wa nzimbe? Shuga wa nzimbe, amene akatswiri amamutcha sucrose, ndi glucose mmodzi wogwirana ndi fructose mmodzi, theka ndi theka. Akangofika m'matumbo amalekanitsidwa msanga, ndipo cholowa m'magazi chimakhala glucose ndi fructose, zomwezija zili mu HFCS. Kusiyana kwake ndi 50 ndi 55. Mbiri yoipa ya HFCS idakula mu 2004 pamene George Bray, Samara Nielsen ndi Barry Popkin adalemba mu American Journal of Clinical Nutrition kuti kunenepa kwa anthu a ku America kudakwera nthawi imodzimodzi ndi kufalikira kwa manyuchiwa. Zidali zoona, koma kuyendera limodzi si umboni woti china chidabala chinzake. Kuyambira cha mu 1999 anthu a ku America akhala akuchepetsa HFCS, koma kunenepa sikudabwerere m'mbuyo. Ku South Africa, kumene zakumwa zimatsekemera ndi nzimbe za ku KwaZulu-Natal ndi Mpumalanga, kafukufuku wa boma wa 2016 adapeza kuti amayi awiri mwa atatu alionse ndi olemera kuposa mlingo woyenera. Ngakhale Robert Lustig, dokotala wa ku California amene nkhani yake ya mu 2009 yotsutsa shuga idamveka dziko lonse, amanena poyera kuti ziwirizi ndi zoipa mofanana.

Pali china chimene chimandiseketsa pamkanganowu. Mu 2010 makampani a manyuchi adapempha boma la America kuti liwalole kusintha dzina la HFCS kukhala corn sugar, ndipo mu 2012 bungwe la FDA lidakana. Makampani a shuga wa nzimbe ndi wa beet adawasumira anzawowo kukhoti pa nkhani ya malonda awo otsatsa, mlandu n'kutha mwakukambirana mu 2015. Mu July 2025 Donald Trump adalengeza kuti Coca-Cola iyamba kugwiritsa ntchito shuga wa nzimbe ku America, kampaniyo n'kutsimikiza kuti itulutsa mtundu wina wa chakumwa wotero. Anthu adaombera m'manja ngati apeza mankhwala. Chakumwa chimene akuchisangalalira ngati chathanzicho ndi chomwe ife takhala tikumwa kuyambira kale. Mantha a HFCS amapindulira wogulitsa nzimbe, ndipo iyeyu alibe mbiri yoyera: mu 2016 Cristin Kearns, Laura Schmidt ndi Stanton Glantz adatulutsa makalata osonyeza kuti m'zaka za m'ma 1960 bungwe la makampani a shuga lidalipira akatswiri a ku Harvard kuti alembe nkhani yokankhira mlandu wa matenda a mtima ku mafuta. John Yudkin wa ku London, amene adachenjeza za shuga m'buku lake la mu 1972, adanyozedwa kwa zaka zambiri.

Vuto la fructose lilipodi, kaya wachokera ku chimanga kaya ku nzimbe. Glucose amagwiritsidwa ntchito ndi pafupifupi chiwalo chilichonse. Fructose, akakhala wochepa, matumbo amathana naye. Akabwera wambiri nthawi imodzi amathera kuchiwindi, ndipo chiwindi chimasandutsa wotsalayo kukhala mafuta. Ena amakhazikika m'chiwindi momwemo, ena amalowa m'magazi. Pakapita zaka thupi limayamba kusamvera insulin, kapamba amagwira ntchito mopyola mpaka kutopa, ndipo njira ya ku matenda a shuga a mtundu wachiwiri imatseguka. Fructose amakwezanso uric acid, gwero la nyamakazi ija yotupitsa chala chachikulu cha kuphazi. Za mano nazo n'zodziwika. Ndiye mfundo yagona pa mawu awiri: wambiri, komanso nthawi imodzi. Nthochi ya ku Honde, apulo wa ku Nyanga, chinanazi cha ku Rusitu, zonsezi zili ndi fructose, koma ali womangika m'minofu ya chipatso, amatuluka pang'onopang'ono, ndipo mimba imadzaza munthu asanapyole.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidapereka mlingo mu 2015. Shuga wothira, kuphatikizapo uchi, manyuchi ndi juwisi wofinya ku zipatso, asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo kutsika pansi pa 5 peresenti n'kwabwino koposa. Kwa munthu wamkulu, 10 peresenti ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni a tiyi 12 osadzaza mosefukira. 5 peresenti ndi masupuni 6. Chakumwa cha kola chokhala ndi shuga wokwanira chimakhala ndi magalamu pafupifupi 10.6 pa mamililita 100 alionse. Botolo la theka la lita ndiye kuti lili ndi magalamu 53, masupuni 13. Mlingo wa tsiku lonse wapyoledwa munthu asanadye kanthu.

Kuti fakitale itulutse kilogalamu imodzi ya shuga imaphwanya nzimbe zolemera makilogalamu asanu ndi atatu kapena kuposa. Ndiye kuti botolo limodzi lija ndi nzimbe pafupifupi theka la kilogalamu. Amene adakhalapo pansi pa mtengo n'kumasenda nzimbe ndi mano akudziwa kuti theka la kilogalamu limatenga nthawi, nsagwada zimalema, ndipo munthu akamaliza safunanso ina. Botolo limatha m'mphindi zitatu ndipo njala imakhala ilipobe, chifukwa thupi siliwerengera bwino mphamvu zolowa ngati madzi. N'chifukwa chake kafukufuku wa m'mayiko ambiri amaloza chala zakumwa kuposa keke.

Tiyeni tsono tiyende ndi wantchito wa kumafakitale tsiku limodzi, osati munthu wina weniweni, koma aliyense wa ife. M'mawa tiyi wa masupuni atatu, nthawi zina anayi, ndi buledi wopaka jamu, amene theka lake kapena kuposa ndi shuga. Cha m'ma teni, tiyi wina wa kukantini ndi sikono. Masana sadza, n'kutsitsira botolo lozizira. Dzuwa likapendeka, maheu a m'botolo, amene timawaona ngati chakudya chathu chamakolo, koma werengani pambali pake muone pamene shuga ali. Thobwa la kumudzi limatsekemera ndi chimera. La masiku ano, ngakhale lophika kunyumba, ambiri amalithira shuga wodzaza manja. Madzulo ana amasungunula Mazoe, monga momwe a ku Malawi amachitira ndi Sobo, ndipo wosungunulayo akakhala mwana madzi amachepa. Madalaivala a mathiraki amene amagona pamzere ku Feruka kapena pachipata cha m'malire cha Forbes, ena a iwo olankhula Chinyanja cha ku Lusaka, ali ndi chawo chowonjezera: zakumwa zopatsa mphamvu zothamangitsira tulo, zimene zambiri ndi caffeine ndi shuga wofanana kapena woposa wa kola. Munthu wokhala pampando maola khumi mphamvu zonsezo sapita nazo kulikonse.

Pamwamba pa izi pali shuga wobisala m'zinthu zimene sitimaziwerengera ngati zotsekemera: tomato sosi, nyemba za m'chitini, yogati wa zipatso, phala la m'mapaketi longothira madzi otentha, ngakhale chiponde china cha m'sitolo. Chimene chimandipweteka mtima ndi phala la makanda. Mu April 2024 bungwe la Public Eye la ku Switzerland, mogwirizana ndi bungwe la IBFAN, lidatulutsa zotsatira zosonyeza kuti Cerelac wogulitsidwa m'mayiko ambiri a mu Africa, Asia ndi Latin America amakhala ndi shuga wothira, pafupifupi magalamu 4 pa mlingo wodya kamodzi, pamene wogulitsidwa ku Germany ndi ku Britain alibe. Mwana wosakwana zaka ziwiri safunika shuga wothira ngakhale pang'ono. Lilime limaphunzira msanga, ndipo mwana wozolowera phala lotsekemera amakana la mgaiwa wa nsinjiro, limene lili ndi zomanga thupi.

Zotsatira zake zikuoneka m'zipatala. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti akuluakulu 5.6 peresenti ku Malawi adali ndi matenda a shuga, ndipo mmodzi mwa atatu adali ndi vuto lothamanga magazi, ambiri osadziwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 adapeza kuti amayi pafupifupi 35 peresenti ku Zimbabwe adali olemera kuposa mlingo. Ku Malawi, wa mu 2015 ndi 2016 adapeza 21 peresenti, ndipo m'mizinda chiwerengerocho chidali chokwera kwambiri. Shuga si wolakwa yekha. Mafuta okazingira, ufa woyera, mowa, kukhala pansi tsiku lonse ndi magazi a kumtundu zonse zili ndi mbali yake. Koma pa zonsezi, shuga wakumwa ndi amene angachotsedwe popanda thupi kusowa kanthu.

Boma la Zimbabwe lidasankha njira ya msonkho. Popereka bajeti ya 2024 kumapeto kwa November 2023, nduna ya zachuma Mthuli Ncube adalengeza msonkho wapadera pa shuga wa m'zakumwa, ndalama zake n'zogulira zipangizo zothandizira odwala khansa. Poyamba adati masenti awiri a dola ya America pa galamu iliyonse. Werengetsani nokha: magalamu 53 kuchulukitsa ndi masenti awiri ndi kuposa dola imodzi pa botolo limodzi, msonkho woposa mtengo wa chakumwacho. Makampani adalira, mlingo udatsitsidwa kakhumi, ndipo mu February 2024 udatsitsidwanso kufika pa US$0.001 pa galamu, zomwe ndi masenti osapitirira sikisi pa botolo lija. Kuyambira mu January 2025 zakumwa zosungunula zidachotseredwanso theka. Pofika kumapeto kwa 2024 boma lidati latolera ndalama zoposa madola 30 miliyoni, koma lidanena izi madokotala a bungwe la Zimbabwe Association of Doctors for Human Rights atafunsa kuti ndalamazo zili kuti ndipo makina afika liti. Funsolo ndi lomveka kwa munthu wa ku Mutare, pakuti wofunika chithandizo chowotcha khansa m'zipatala za boma amayenera kupita ku Parirenyatwa ku Harare kapena ku Mpilo ku Bulawayo.

South Africa idayamba msonkho wotere mu April 2018, ndipo wawo umawerengera shuga wopitirira magalamu 4 pa mamililita 100. Akatswiri a ku yunivesite ya Witwatersrand adapeza kuti shuga amene anthu ankagula kudzera m'zakumwa zokhomeredwa msonkho adatsika, makamaka m'mabanja osauka. Mbali ina ya kutsikako idabwera chifukwa anthu adachepetsa kugula. Mbali ina chifukwa makampani adachepetsa shuga n'kuikamo zotsekemeretsa zopanga. Apa ndiye pabwera gulu lachitatu pa nkhaniyi: aspartame, sucralose, acesulfame K, saccharin, cyclamate, ndi stevia wochokera ku masamba. Tembenuzani botolo la chakumwa chotchipa kapena cha juwisi wosungunula wa mtengo wotsika, mayinawa muwapeza.

Anthu a ku Zimbabwe adaonetsa kale maganizo awo pa zimenezi. Mu June 2018 kampani yopanga Mazoe Orange Crush idachepetsa shuga n'kuikamo zotsekemeretsa zopanga. Mkwiyo udali waukulu, wa m'dziko ndi wa anthu okhala kunja amene amatumizitsa botololi ngati chikumbutso cha kwawo, ndipo patangopita masiku ochepa kampaniyo idalonjeza kubwezeretsa wakale. Ndimawamvetsa, palibe amene amafuna kusinthiridwa chakumwa chake mwakachetechete. Koma ambiri ankalankhula ngati shuga ndiye wachilengedwe, wopanda vuto, ndipo poizoni ndi zatsopanozo. Umboni sukunena choncho. Mu July 2023 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, idaika aspartame m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, gulu la umboni wochepa, ndipo tsiku lomwelo komiti ina ya akatswiri idasiya mlingo wololedwa pomwe udali, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu patsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 angafunike kumwa zitini zoposa naini tsiku ndi tsiku kuti aupyole. Komabe miyezi iwiri izi zisanachitike, mu May 2023, WHO idalangiza kuti zotsekemeretsazi zisagwiritsidwe ntchito ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa pakapita nthawi phindu lake silioneka. Kuona kwanga n'kwakuti kwa munthu amene amamwa mabotolo atatu a shuga patsiku, kapena amene ali kale ndi matenda a shuga, chakumwa chopanda shuga ndi poyambira pabwino. Si pofikira. Lilime limakhalabe likuyembekezera kutsekemera, ndipo madzi amakhalabe osakoma.

Pali chinanso chovuta kuchinena osamveka ngati ukutsutsa ntchito yabwino. Pa paketi ya shuga ya ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe pamalembedwa kuti muli vitamini A. Zambia idayamba mu 1998, Malawi mu 2012, ndipo ku Zimbabwe lidakhala lamulo mu July 2017. Chifukwa chake n'chomveka: mafakitale a shuga ndi ochepa, osavuta kuwayang'anira, ndipo shuga amafika pafupifupi khomo lililonse, kuphatikizapo kumene ana amadwala maso ndi kufooka chifukwa chosowa vitaminiyu. Koma mayi amene wamva kusikelo kuti shuga ali ndi vitamini, n'kumvanso pa wailesi kuti shuga amadwalitsa, agwire ziti? Mbatata yofiira mkati, maungu, mapapaya, mango, chisoso ndi bonongwe zili ndi zopangira vitamini yemweyo, ndipo mafuta ophikira nawonso amathiridwa vitamini A. Palibe chifukwa chowonjezerera supuni pofuna vitamini.

Ndisaiwale kuti kwa osauka shuga si mwanaalirenji. Sidney Mintz adafotokoza m'buku lake la mu 1985 momwe tiyi wa shuga ndi buledi zidasandukira chakudya cha antchito a m'mafakitale a ku England, chifukwa n'zotentha, zachangu ndiponso zopusitsa njala pa ndalama yochepa. Ku Sakubva ndi ku Mbayani nkhani ndi yomweyo. Wouza mayi wa ana asanu kuti asiye tiyi wa shuga ayenera kunenanso chimene anawo adye m'mawa. Mbatata kapena chinangwa chophika, phala la nsinjiro, dzira likapezeka, nthochi: izi zimakhala m'mimba nthawi yaitali, koma zimafuna nkhuni kapena magetsi, ndiponso nthawi imene wothamangira kombi alibe. Ndipo pali pomwe shuga amapulumutsa moyo. Mwana akatsegula m'mimba, madzi a mchere ndi shuga ndi mankhwala, ndipo miliri ya kolera ya ku Malawi ndi ku Zimbabwe ya mu 2023 idatikumbutsa zimenezi. Wobaya insulin nayenso ayenera kuyenda ndi siwiti kapena shuga m'thumba, kuopa kuti shuga wa m'magazi angatsike mwadzidzidzi.

Kuwerenga pa paketi kumathandiza ngati ukudziwa chofuna. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kutsikira ku chochepa, ndiye shuga akakhala pa malo atatu oyambirira, nkhani yatha. Opanga ena amamugawa m'mayina angapo kuti atsikire pansi pa mndandanda: sucrose, dextrose, maltose, glucose syrup, invert sugar, molasses, fruit juice concentrate. Pa bokosi la manambala, tengani magalamu a shuga, gawani ndi 4, mupeza masupuni. Kenaka onetsetsani ngati nambalayo ndi ya botolo lonse kapena ya mamililita 100 okha. Shuga wabulauni musamukhulupirire. Ndi yemweyo, wangotsalira timanyuchi pang'ono. Uchi nawo, kaya ndi wa m'nkhalango za ku Chimanimani, thupi limauwerengera pamodzi ndi shuga wothira, ndipo khanda losakwana chaka lisapatsidwe n'komwe. Juwisi wolembedwa kuti 100 peresenti ali ndi shuga pafupifupi wofanana ndi wa kola. Lalanje lenilenilo ndi labwino kuposa madzi ake.

Koma gawo lalikulu la shuga wathu lilibe chizindikiro choti n'kuwerenga. Mafirizi a pageti ya sukulu, mandasi ndi madonasi a pamsika, tiyi wa mu ketulo ya kukantini amene amathiriratu shuga asanagawe, juwisi wa malambe wopanga kunyumba amene amafuna shuga wambiri kuti aphe kuwawasa: zonsezi sizidutsa pa msonkho wa a Ncube, chifukwa msonkhowo umagwira zakumwa za m'mafakitale, osati paketi ya makilogalamu awiri ya pa shelefu. Paketi imeneyi ili m'manja mwa banja lenilenilo, ndipo ndi pamene kusintha kumatheka popanda kudikira lamulo. Kusiyiratu kamodzi kumalephereka kawirikawiri. Kuchotsa theka la supuni sabata iliyonse kumayenda, chifukwa lilime limazolowera, ndipo pakatha mwezi kapena iwiri tiyi wakale uja amayamba kumveka wotsekemera monyansa. Mandimu, ginja kapena mkaka zimathandiza pa masabata oyamba.

Banja la anthu sikisi, aliyense akamamwa makapu awiri a masupuni atatu patsiku, limadya magalamu 144 mu tiyi mokha, ndipo apa tawerengera masupuni osasefukira, amene m'nyumba zambiri sadziwika. Paketi ya makilogalamu awiri imatha m'masabata awiri. Akatsika kufika pa supuni imodzi ndi theka, paketi yomweyo imafika kumapeto kwa mwezi.